Tsiku Limene Amayi Analowa M'dramu

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali Folomu 2, tikukhala m'nyumba za boma pa Mangochi. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma abambo anali kalaliki ndipo anawatumiza kunyanja. M'nyumba yoyandikana ndi yathu munkakhala a Noriko, mphunzitsi wathu wa masamu wochokera ku Japani. Anali aafupi, oyenda mofulumira. Masiku amenewo akazi sankaloledwa kuvala thalauza, choncho ankadzikulunga chitenje chimene chinkangofuna kugwa, ndipo amayi ankawaimitsa pakhomo n'kuwamanga bwino asanakwere njinga.

Ndikaweruka ndinkapita kwawo ndi masamu ondivuta. Tikamaliza ankandifotokozera za kumudzi kwawo. Amayi awo anali ndi nyumba ya alendo m'tauni ina ya kumapiri, kumene madzi otentha amatumphuka okha pansi. Ankati nyengo yozizira nthunzi imatuluka m'ngalande za m'misewu, ndipo tauni yonse imanunkha ngati mazira owiritsa. Mlendo akafika amavula nsapato pakhomo, mwininyumba n'kumugwadira ndi kumupatsa mkanjo wopepuka. Amayamba wasamba panja pa dziwe, akayera ndiye amalowa m'madzi otenthawo mpaka m'khosi, n'kungokhalamo phee. Akatuluka amadya nsomba ndi mpunga atakhala pansi, n'kugona pomwepo pa mphasa zonunkhira udzu. "Ukakhoza sukulu, tsiku lina udzagona kwathu," ankatero m'Chichewa chawo chodukaduka. Ine ndinkakhulupirira ndi mtima wonse, ndipo zonsezi ndinkazilemba m'kabuku kanga ka tsiku ndi tsiku.

Nditawafotokozera amayi, anaseka mpaka kupukuta misozi. "Ndiye anthu amakwera sitima ulendo wonsewo kuti akagone pa mphasa n'kudya nsomba? Nanga ife tikudikira chiyani? Uwauze abambo ako alembe chikwangwani."

Mwezi wa Juni, mphepo ya mwera ikuwomba, uthenga unafika woti amayi awo a Noriko amwalira. Unafika mwambo wa maliro utatha kale. A Noriko anadzitsekera m'nyumba. Makatani sanatsegulidwe, njinga inangotsamira khoma. Amayi ndi anzawo anapita kuti akakhale nawo monga timachitira pamaliro, koma iwo anathokoza ali pakhomo, anawerama, n'kutsekanso chitseko. Chakudya chimene tinkapititsa chinkabwerera osachikhudza. Kusukulu kunamveka kuti apempha kubwerera kwawo, osadzabweranso. Mayeso anali pafupi ndipo ndinkawaopa, koma chimene chinkandisowetsa mtendere kwambiri chinali choti akapita, tauni ya nthunzi ija ipita nawo.

Ndinauza amayi maganizo anga ndikuyembekeza kuti andiseka. Ndinati tiwakonzere a Noriko nyumba ya alendo ngati ya kwawo, pakhomo pathu pomwe. Amayi sanaseke. Anangoti, "Munthu woferedwa amasambitsidwa ndi anzake. Pita kwa Abiti Saidi ukabwereke dramu."

Abiti Saidi anali mayi wogulitsa nsomba kumsika, wa mawu akuluakulu. Atamva ntchito ya dramulo anati sangalole kuti zoterezo achite kumva kwa anthu, abwera adzaone okha.

Loweruka m'mawa amayi anapita kubwalo kokaphunzira magule a chipani, kumene mkazi aliyense sankayenera kujomba. Ine ndinatsala ndikutunga madzi kumpope. Ndinakhazika dramu pa mafuwa m'bafa yathu ya udzu, ndinaika thabwa pansi m'kati mwake kuti munthu asapse mapazi, n'kukoleza moto. Ndinatulutsa mipando pabalaza, ndinasesa, n'kuyala mphasa zatsopano. Amayi anabwera masana ali mbuu ndi fumbi, mapazi atatupa. Anauza abambo kuti apite kokasewera bawo ndipo asafulumire kubwera.

Ndinakagogoda kwa a Noriko, ndinagwada pakhomo, n'kunena kuti, "Alendo, madzi atentha." Anatuluka maso atatupa, n'kunditsatira. Atafika kubafa anaima. Nthunzi inkakwera kuchokera m'dramu, mphepo n'kumaikankhira ku udzu. Anayang'anitsitsa dramulo, ndipo ine ndinayamba kuchita manyazi. Ndinaona dzimbiri la dramu, ndinamva fungo la utsi ndi kafungo ka usipa. Ndinkati tawanyoza.

Kenako anapinda dzanja, n'kuviika chigongono m'madzimo. Anati atentha kwambiri, ndithiremo chidebe chimodzi cha ozizira. Anawerama n'kutembenuza nsapato zathu zimene tinangozitaya pakhomo, kuziyang'anitsa kunja, ziwiriziwiri. Anamanga chitenje chawo mwamphamvu, okha. Atatero anagwada pamaso pa amayi.

"Ine si mlendo," anatero. "Ine mwana wa mwininyumba. Alendo ndi inu."

Amayi anabwerera m'mbuyo. "Ine? Kunyikidwa m'dramu ngati chinangwa cha kondowole? Pamoto pomwe?"

"Lowani achemwali," anatero Abiti Saidi akuseka. "Mukapsa tikuphulani."

Mwana saona amayi ake akusamba, choncho ananditulutsa. Ntchito yanga inali yopereka zidebe pamwamba pa mpanda. Komabe udzu wa bafa uli ndi mipata, ndipo ine ndinali ndi maso. A Noriko anawakhazika amayi pa kampando, anatenga chinkhupule ndi sopo, n'kuyamba kuwatsuka kumsana pang'onopang'ono, kuyambira m'khosi, kutsikira m'mapewa. Ankathira madzi ndi kapu modekha ngati akuthirira mbande. Apo m'pamene ndinazindikira kuti m'mawa uliwonse amayi ankatenthetsa madzi a abambo, n'kuwanyamula kupita nawo kubafa. Ankatenthetsa a alendo, a ife tikadwala. Iwo ankasamba otsala, ozizira, mothamanga.

Atalowa m'dramu ndinamva, "Mayo ine!" Patapita nthawi anausa moyo wautali umene ndinali ndisanaumvepo. Mutu wokha ndiwo unkaoneka, maso atatseka. A Noriko anagwada pambali akuwasisita mapewa, n'kuyamba kuyankhula motsitsa mawu m'chinenero chawo, misozi ikutsika. Amayi sankamva liwu ndi limodzi lomwe, koma ankayankha. "Eya mwanangu. Eya. Nena zonse."

Abiti Saidi analowa pambuyo pake, madzi n'kusefukira mpaka kutsala pang'ono kuzimitsa moto. Ine ndinalowa wachitatu. Kutentha kunandigwira mpaka m'mafupa, pamwamba mphepo yozizira ikundiwomba kumaso, ndipo ndinadziuza kuti ndafika kumapiri kuja. A Noriko analowa pomaliza, amayi atawatsuka kumsana. Tinadya chambo chootcha ndi mpunga titakhala pa mphasa, ndipo a Noriko anamaliza mbale yawo. Tinagona pabalaza pomwepo tonse anayi. Lolemba m'mawa ndinamva belu la njinga panja.

Anakhala nafe mpaka nthawi yawo yonse itakwana. Atabwerera kwawo tinkalemberana kwa zaka zingapo. Anandiuza kuti nyumba ya alendo ija anaitseka, poti panalibe woipitiriza. Pambuyo pake ife tinasamuka pa Mangochi, ndipo tinatayana. Ku Japani sindinapiteko, ngakhale pasipoti ndili nayo ndipo ikatha ndimakakonzetsa ina.

Lero zinthu zinasintha. Adzukulu anga amandionetsa nyumba zoterozo pa foni, madziwe ofuka nthunzi pakati pa miyala, ndipo ndimaziyang'ana mpaka foni kuzima. Amayi anatisiya kalekale. M'nyumba mwanga madzi otentha amatuluka pa mpope, popanda nkhuni kapena utsi, ndipo aliyense amasamba yekha atakhoma chitseko. Nanenso ndimatero. Koma pakati pa mapewa pali malo amene dzanja langa silifikapo, ndipo tsiku lililonse ndimangothirapo madzi n'kutuluka.