Imelo Yanga Anaiwerenga M'tchalitchi

Lamlungu lapitali imelo yanga anaiwerenga m'tchalitchi, pakati pa chilengezo cha mbuzi yosochera ndi cha tsiku lokapalira m'munda wa abusa. Ine ndinali pabenchi lakumbuyo, mlendo, nsapato zili matope okhaokha.

Ndiyambire poyambira. Kalabu yathu ya kompyuta ku Dowa ndi ya anthu ochepa: aphunzitsi angapo, namwino mmodzi, ndi mayi Nankhoma, amene amatayipa makalata mu ofesi imene imatibwereka chipinda Loweruka lililonse. Kompyuta yake ndi imodzi. Ikamapuma timaifunditsa nsalu yamaluwa kuopa fumbi, ndipo ikamalumikizana ndi foni imalira ngati mwanapiye wogwidwa ndi kabawi. Komabe timaikonda.

Mwezi watha kalabu ina ya kutsidya kwa nyanja inatitumizira kapepala ka malangizo a mmene munthu angalandirire imelo ali paulendo. Atcheya athu anavala magalasi n'kutiwerengera. Nyamulani kakompyuta kanu m'chikwama. Mukafika pahotela, funsani polumikiza chingwe cha foni m'chipinda. Ndipo lamulo lalikulu: pasiwedi yanu, mawu achinsinsi otsekulira bokosi la makalata anu, musauze munthu aliyense.

Tinaomba m'manja mwaulemu. Hotela yake iti? Kumene ndimatumidwa ine munthu amagona pamphasa m'kalasi, foni yapafupi ili kuboma.

Koma lamulo lomalizalo ndinaligwira ndi manja awiri, ndipo chifukwa chake ndikuuzani.

Ndili ndi achimwene amene anachoka kwathu ku Nachisaka ine ndili kamwana. Anali mphunzitsi wosadziwa kumeza mawu, ndipo m'masiku a chipani chimodzi aja amenewo anali matenda oopsa. Mnzawo wina anawatsina khutu, iwo n'kuwoloka malire. Kuyambira pamenepo dzina lawo silinkatchulidwa pakhomo pathu. Amayi akafuna kuwanena ankangoti "uja". Kalata sinabwerepo, ndipo ikanabwera ikanatipeza ena ataiwerenga kale.

Nditalowa kalabu ndinalemba pamalo ena a pa intaneti pamene Amalawi okhala kunja amacheza, kufunsa ngati alipo wowadziwa. Miyezi inadutsa, bokosi lili mbee. Amayi maso akuwathera, ndipo chaka chino agonekedwa kawiri kuchipatala. Sandifunsa molunjika. Amangoti, "Makina ako aja sananene kanthu?"

Ndiye sabata ziwiri zapitazo akuntchito ananditumiza kuseri kwa mapiri a Ntchisi kukathandiza aphunzitsi atsopano, aja analembedwa mothamanga pulayimale itakhala yaulere. Ndikutsanzika, mayi Nankhoma anatambasula dzanja.

"Aphunzitsi, mundisiyire kiyi wa bokosi lanu. Ndizikuonerani."

"Malangizo aja akukana, mayi."

"Malangizo aja ali ndi hotela. Inuyo muli ndi ine. Mukamapita kumaliro, kiyi wa nyumba mumasiyira ndani? Si oyandikana nawo?"

Ndinavomera. Koma kutchula pasiwediyo pakamwa ndinalephera, chifukwa inali dzina la achimwene angawo. Ndinalemba pakapepala, n'kupinda kanayi. Mayiwo anawerenga, n'kundiyang'ana.

Zimene zinatsatira ndazimva pambuyo pake. Yankho la funso langa lija linafika Lachitatu. Mayi Nankhoma analisindikiza, analiika mu envelopu, n'kupatsira dalaivala wa lole ya feteleza yopita ku Ntchisi. Loleyo inatitimira m'matope isanafike kuboma. Dalaivala anapatsira bambo wa zaumoyo amene ankadutsa pa njinga yamoto, ndipo mvula inawapeza panjira. Pofika kumene ndinali, envelopu inali phala, dzina langa litafufutika. Pepala lam'kati lokha ndi limene linapulumuka.

Nanga kwathu kuno kalata yopanda mwini imapita kuti? Kutchalitchi, kwa alembi a mpingo.

Alembiwo, bambo aatali a jekete lakuda, anamaliza za mbuzi n'kukweza pepala m'mwamba.

"Pali kalata yotuluka m'makina. Mwini wake sitikumudziwa, envelopu inadyedwa ndi mvula. Ndingowerenga, mwini adzidziwa yekha."

Anakhosomola, n'kuyamba pang'onopang'ono monga amawerengera mawu a Mulungu.

"Ine ndine Fanuwelo, mwana woyamba wa Nasimango wa ku Nachisaka. Mnzanga wandionetsa funso lako, mng'ono wanga. Ndili moyo, ndili ndi ana atatu. Ndatha masiku anayi ndikuopa kulemba chifukwa cha funso limodzi ili: kodi amayi alipo?"

Mukudziwa chimene ndinayamba kuchita? Sindinalire ayi. Ndinayang'ana kukhomo. Ine munthu wamkulu, wovotapo m'chisankho cha zipani zambiri, ndinacheuka kuti ndione ngati wina walemba dzinalo m'kabuku. Panalibe aliyense, koma galu atagona pasitepe.

Kenako ndinaimirira. Anthu onse anatembenuka.

"Ndi yanu, aphunzitsi?" anafunsa alembi.

"Ndi yanga."

"Nanga funsoli mutiyankhe. Amayi alipo?"

"Alipo."

Amayi a chigwirizano anaimba nthungululu, anthu osandidziwa, osamudziwa Fanuwelo, osadziwa ngakhale kumene Nachisaka ili bwinobwino. Apo m'pamene misozi inabwera, ndipo sindinachite nayo manyazi.

Tsopano abale anga, sindikuti pasiwedi yanu muzigawa ngati mtedza. Azungu a malangizo aja sananame, chinsinsi n'chofunika, ndipo ife amene makalata athu ankatsekulidwa ndi anthu osawadziwa tiyenera kuchidziwa kuposa iwo. Kalata ija ikanakhala ya nkhani ina, lero bwenzi ndikuyenda chozolika mu Ntchisi monse.

Koma taganizani. Ndikanamvera kapepala kaja mpaka kumapeto, yankho likanakhala m'bokosi sabata ina yathunthu, achimwene ali kutali akuyesa kuti chete wanga ndiye yankho. Zingwe za foni zimene amatilonjeza pamisonkhano sizinafike m'mapiri muno. Chimene chinafika kalekale ndi anthu: wotayipa, dalaivala, wa zaumoyo, mlembi wa mpingo. Palibe mmodzi wa iwo amene anafunsa kuti apindulapo chiyani. Ngati kalabu yathu idzalembe malangizo ake a apaulendo, loyamba lidzakhale ili: usanayende, siya kiyi kwa munthu amene angasokoneze ntchito yake chifukwa cha kalata yako.

Ndipo pali china chimene chandikhala pamtima. Ufulu wolankhula tinaupeza, inde, koma mantha sanatuluke tsiku lovota. Alipobe m'nyumba zathu ngati fungo la fodya m'chigafa chimene chinaphwasulidwa kale. Ndi mabanja angati m'midzi yathuyi amene akadali ndi "uja" wawo? Inuyo, dzina limene mukulisunga ngati pasiwedi ndi la yani? Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola, koma fupalo talikwirira nthawi yaitali.

Pasiwedi yanga ndiyenera kusintha, poti tsopano mpingo wonse ukuidziwa. Mayi Nankhoma akuti yatsopanoyo ndiwauze pakamwa, za timapepala topinda atopa nazo.

Lolemba m'mawa ndinapempha chilolezo n'kuyamba ulendo wa ku Nachisaka, theka pa matola, theka wapansi. Amayi ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba ndi zala, poti maso sawathandizanso. Ndinawawerengera kalatayo kawiri. Ndinawauzanso mmene inandipezera.

Anasiya nyemba.

"Anatchula dzina lake? Pagulu?"

"Pagulu, amayi. Tchalitchi chodzaza."

"Ndiye palibe amene anatengedwa?"

"Palibe. Anaimba nthungululu."

Kenako ndinamva akutchula dzinalo motsitsa, ngati munthu woyesa kuponda ndi mwendo umene unathyoka: "Fanuwelo." Anabwerezanso, mokwezako pang'ono. Kuyambira ndili kamwana ndinali ndisanawamvepo akutero.

Ndinafuna kugona komweko, koma anakana. Anandipatsa okha chikwama changa.

"Pita kumakina akowo lero lomwe. Ukamuuze kuti ndilipo," anatero. "Koma asachedwe."