Chaka chimene anawaletsa kuzula mano

Amuna anga ankagwira ntchito pa kachipatala ka mishoni kufupi ndi Zingalume. Sanali dokotala. Ankatsuka zilonda ndi kugawa mankhwala a malungo, ndipo dokotala wina amene anakhalapo kale anawaphunzitsa kuzula mano. Anthu ankabwera atamanga nsalu m'masaya, n'kubwerera akulavula magazi koma akuthokoza.

Chaka china cha m'ma 1950, nthawi yokumba nsawa, anazula dzino la mayi wina wa ku Zemba. Dzinolo linathyokera m'kati. Tsaya linatupa mpaka kukhosi, ndipo mayiyo anamwalirira pa ngolo akupita naye ku Fort Jameson, kumene lero timati ku Chipata. Posakhalitsa kunabwera mesenjala wa kuboma kudzanena kuti amuna anga ayambe aima ntchito mpaka madokotala atamva nkhani yawo. Zitsulo zozulira mano anapita nazo.

Amuna anga anasiya kudya bwino. Ankangokhala kuseri kwa nkhokwe n'kumayang'ana manja awo. Kutchalitchi anthu ankatipatsa moni mofulumira.

Ndiye kunabwera bambo wina wachikulire amene anagwirapo ntchito yomweyi asanapume. Sitinali pachibale. Anangomva nkhaniyo n'kukwera njinga yawo, ngakhale chifuwa chinkawavuta. Ulendo woyamba sananene zambiri. Anakhala nawo kuseriko, akutithandiza kuthothola nsawa. Pochoka anandiuza kuti, "Mayi, musamawafunse zambiri. Muzingowaikira madzi osamba."

Atabweranso anakhala pampando ngati mmodzi wa madokotala odzamva nkhaniyo, n'kuwaimika amuna anga patsogolo pawo.

"Zitsulo munawiritsa?"

"Ndinawiritsa."

"Mutaona kuti muzu watsalira, munatani?"

Amuna anga anayamba kuyankha mozungulira. Mkuluyo anawadula. "Musandiuze zimene mukuganiza kuti ndikufuna kumva. Nenani zimene zinachitika. Pamene simukudziwa, nenani kuti simukudziwa."

Anachita zimenezi mobwerezabwereza mpaka mawu anayamba kutuluka bwino. Tsiku lina anabwera ndi mutu wa mbuzi, n'kumasonyezana mmene muzu wopindika umathyokera ngakhale dzanja litasamala chotani. Ine ndinaphika mutuwo, ndipo kwa nthawi yoyamba amuna anga anamaliza chakudya.

Chinthu chovuta kwambiri chinali cha ku Zemba. Mkuluyo anati, "Madokotala akhoza kukumasulani, koma pali mwamuna wa mayi uja, amene watsala ndi ana. Tipite." Amuna anga anakana, kenaka anavomera. Atabwerako anandiuza kuti bambo wamasiyeyo anawayalira mphasa n'kumva zonse. Mwana wamng'ono ankalira m'nyumba nthawi yonseyo.

Tsiku lokaonekera kwa madokotala, ku Fort Jameson anapita onse awiri. Mkuluyo sanaloledwe kulowa, anadikira pakhonde. Madokotala anati panalibe kusasamala, ndipo amuna anga abwerere ku zilonda ndi mankhwala. Koma za mano anati ayi, zimenezo zizichitika ku chipatala chachikulu basi.

Anthu sanasiye kubwera. Ndikukumbukira mayi wina wokalamba atagwada pakhomo pathu, atagwira tsaya, akuti, "Ingondizulani, sindiuza munthu." Amuna anga anawapatsa mankhwala oletsa kupweteka, n'kuwafotokozera njira ya ku Fort Jameson, akudziwa bwino kuti miyendo imeneyo singakafike. Mayiwo atapita, iwo analowa m'nyumba osatulukanso tsiku limenelo.

Mvula itayamba, chifuwa chinawagoneka mkulu uja. Amuna anga ankapita kukawatembenuza ndi kuwasambitsa, koma sanachire. Pamaliro abusa anapempha amuna anga kuti anenepo mawu m'malo mwa anzawo a ntchito. Anaimirira, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti, "Bambo awa ankabwera kwathu." Kenaka anakhala pansi, ndipo azimayi anayambitsa nyimbo.