Mapiritsi a Abiti Sefu m'mwezi wa Ramazani

Eluby anayamba kuwazindikira Abiti Sefu tsiku lowokera mpunga kudambo la Domasi. Mayiwo ankaimba ali chiweramire m'matope, koma nyimbo inadukira pakati. Anaweramuka, nagwira pachifuwa, mtsempha wa m'khosi ukugunda moonekera. Eluby anauzindikira mtsempha umenewo. Malemu mwamuna wake unkawagunda chomwecho chaka chimene anagwa n'kufa ziwalo.

Koma Eluby sanali munthu woyamba kulankhula.

Dzina lenileni la Abiti Sefu linali Fauzia, koma aliyense ankawatchula dzina la bambo awo. Analera ana asanu ndi mpunga womwewo, kulima, kupuntha, n'kukagulitsa pa Songani. Anali munthu wanthabwala. Eluby ankawapezanso pamzere kuchipatala, poti onse anali odwala kuthamanga kwa magazi.

Mwezi wa Ramazani utalowa, pamzere paja sanaonekenso. Kumunda ankapuma kawirikawiri, mapazi atatupa. Eluby anavutika mumtima. Iye wa Chipresibeteriya angalowerere bwanji za kusala kwa eni ake? Koma anakumbukira kuti kwa mwamuna wake anakhalanso chete.

"Achemwali," anatero tsiku lina ali pamzera wa munda, maso ali pansi, "mankhwala aja mukumwa?"

"Ndimwe bwanji ndili pa swaumu? Anandiuza kuti ndizimwa m'mawa ndi tiyi. Tiyi wake uti mwezi uno?"

"Ndiye mwangosiya?"

"Chaka chilichonse ndimatero. Mwezi ukatha ndimadikira mutu uyambe kuwawa, ndiye ndiyambirenso. Inu akutchalitchi mwayamba liti ushehe?"

Eluby anachita manyazi, koma sanabwerere m'mbuyo. Anawafotokozera za malemu aja, mmene anagwera pakhomo ali ndi khasu m'manja, osamvapo mutu ngakhale pang'ono. Abiti Sefu anasiya kuseka.

M'mawa mwake anakwera minibasi limodzi kupita kuchipatala cha ku Zomba. Atawayeza ndi kuwaunika pachifuwa, dokotala anati mitsempha ya magazi yayamba kuuma, sikutamukanso ngati kale, ndipo mtima, pokankha magazi mwamphamvu zaka zonsezi, mnofu wake wakhuthala.

"Basi ndapita?" anafunsa Abiti Sefu, mawu atachepa.

"Ayi, mayi. Mtima ukupopabe. Zowuma sizingabwerere zonse, koma tingaletse kuti zisapitirire. Daku mumadya?"

"Ndingalekerenji?"

"Piritsi lanuli ndi limodzi patsiku. Muzimwa ndi chakudya cha mbandakucha chimenecho. Ndipo mchere muchepetse."

Abiti Sefu anamuyang'ana Eluby, kenako anaphulika kuseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango. "Zaka zonsezi! Palibe anandifunsa, nanenso sindinafunse."

Eluby anamva mapewa ake akumasuka. Pobwerera anagona m'minibasi mpaka kondakitala anachita kumudzutsa.

Miyezi itapita mapazi aja anaphwa. Mpunga utakololedwa, mwana wa Abiti Sefu, Makaiko, anabwera kudzawatenga kuti akakhale nawo ku Liwonde, kufupi ndi chipatala. Eluby anawaperekeza pamsewu atawasenzera chikwama. Minibasi itaima, Abiti Sefu anamugwira dzanja.

"Ndikhalapo ndithu, anzanga, musadandaule. Koma inu, mukaona china pa munthu, muzinena msanga. Chaka chatha munali kuti?"