Maso a Luzia anachedwa

Ndinadzuka kusanache, msana uli gwa chifukwa chogona chokhala. Amayi a kwaya anali atasasa mawu, panja amuna ataunjikana pa zitsa zongofuka utsi. Chisanu cha kuno ku Lifidzi sichimvera chisoni munthu.

Ndinalowa kuchipinda kwa mng'ono wanga Luzia n'kumugwedezera dzanja kumaso.

“Ukuona chiyani?”

“Chifunga chokhachokha, achemwali.”

Linali tsiku lachisanu asakuona. Atamuchita operasawu yotulutsa mwana ku Ulongwe, magazi anathamanga kwambiri, anakomoka akuphiriphitha, ndipo potsitsimuka kunali mdima. Adotolo anati maso alibe vuto, chatupa ndi ubongo, adzaona pakapita masiku. Masiku angati, sananene. Ali m'chipatala momwemo, amuna ake anagwa pa njinga yamoto akumubweretsera chakudya, n'kufera pomwepo. Luzia anakakamira kutuluka. Ankafuna chinthu chimodzi basi, kuona nkhope yawo bokosi lisanakhomedwe.

Dzuwa potuluka anthu anayamba kufika, ena pa njinga kuchokera ku Fonte Boa, achibale a ku Dedza pa shapa, kaminibasi kaja. Nyemba zinkakana kupsa. Ine ndinatsikira kumanda kukapempha adzukulu kuti tiike mawa. Anandiyankha ali m'dzenje, dothi lili m'khosi, kuti manda okumba kale sagona opanda mwini. Ndinawalankhula mawu oipa, sindikana. Ndinali nditatopa, ndipo iwo sanalakwe.

Akatekisi anatithandiza mwa njira yawo. Anawonjezera nyimbo, n'kuwonjezeranso, mpaka dzuwa linafika paliwombo anthu akung'ung'udza. Ine ulendo uliwonse kuchipinda ndi dzanja langa lija. Chifunga chomwecho.

Nthawi yoona nkhope Luzia tinamugwira awiri, akukoka miyendo chifukwa cha bala. Amayi ena achikulire anati wakhanda sakhudza maliro. Ndinawayang'ana, anatipatsa njira. Luzia anawerama mpaka mphuno yake kutsala pang'ono kugunda ya amuna ake, maso ali tong'o, akuyesetsa. Kenako anapapasa chipumi, ndevu, khutu.

“Khomani,” anatero.

Kumanda sanapite. Ife tinatsetsereka pakati pa minda ya kachewere, mphepo ikutimwaza nyimbo. Zonse zinatha msanga, poti anthu anali ndi njala ndiponso ulendo.

Madzulo pakhomo panangoti zii. Mabenchi a kutchalitchi anali atabwezedwa, patsala phulusa ndi mbale zosatsuka. Ndinamutengera Luzia madzi ofunda kuchipinda, khanda lili mtulo pambali pake.

“Achemwali, chitenjecho mwavala chotembenuza.”

Ndinadziyang'ana. Chinalidi chotembenuza. Beseni ndinalitula pansi pang'onopang'ono. Ndimayenera kusangalala, koma ayi ndithu, mtima unangondiwawa.

Iye anayang'ana zala zake nthawi yaitali, kenako anatembenukira kukhomo.

“Akwirira kale?”

“Akwirira, Luzia.”