Madzi Otunga Choyang'ana Kum'mawa

Ana onse a m'mudzi mwathu, kuno kuchilumba cha Okinawa, anafikira m'manja mwa a Makato Ganeko. Anali mzamba wamfupi, wapakamwa, wosuta fodya ngati ng'anjo. Amuna ankawaopa. Koma akaika kachitoliro kawo ka mtengo pamimba ya mayi n'kutsamiritsapo khutu, nyumba yonse inkati zii, chifukwa khutu limenelo linkamva mtima wa mwana ngakhale kunja kukuwomba mkuntho.

Ndikamati mudzi wathu ndikungonena mwachizolowezi. Mudziwo Aamereka anausalaza ndi akatapila ine ndili wamng'ono, n'kuthirapo simenti kuti ndege zawo zizithamangapo. Ife anatikankhira kunja kwa waya waminga. Chimene chinatsala m'katimo ndi kasupe wathu. Kwathu mwana akabadwa, mzamba amatunga madzi pakasupeyo atayang'ana kum'mawa, n'kumukhudza nawo pamphumi katatu ndi chala. Munthu akamwalira amamusambitsa ndi madzi omwewo, koma otunga choyang'ana kumadzulo. Izi ngakhale chidakwa chinkazidziwa.

Chiikireni wayayo, a Makato ankangotunga pampope wa m'msewu, uku akutukwana. Ana ambiri anakula bwinobwino. Koma mng'ono wanga Nobu anataya makanda awiri motsatizana, ndipo wachitatu, yemwe anabadwa mu 1968 masiku asanakwane, anangotulutsa kamawu kamodzi basi. Kulira ayi, bere osaligwira. Tonse tinkadziwa kumene zinkalowera.

"Iwe Setsu," anatero a Makato kwa ine, "si iwe umawachapira makabudula azunguwa? Kawauze mabwana akowo kuti ndikufuna madzi anga."

"Mayi, kumeneko sikulowa munthu wamba."

"Wamba ndi iweyo. Ine mchombo wako ndinakwirira komweko. Nyamuka!"

Ndinkachapadi zovala za asilikali, ndipo Chingerezi changa chinali cha sopo ndi simbi. Ndinawerama m'maofesi atatu. M'mawa mwake anatipatsa chitupa cha mphindi makumi awiri ndi msilikali wotiperekeza pa jipi, chimunthu chofiira m'khosi, Sajeni Tolliver.

Mbali imeneyo ndinali ndisanafikeko. Mayo ine! Ndege zija tinkangoziona m'mwamba zikupita kukaponya mabomba ku Vietnam zinali zitandandalikidwa pafupi pomwepa, zakuda bii, phiko limodzi kutalika kuposa sukulu yathu yakale. Ndinachita mantha, komanso ndisaname, ndinagoma. Ndi anthu otani amenewa, owoloka nyanja yonse ija kudzaulutsa mapiri achitsulo pamunda wa mbatata wa eni ake? A Makato sanaziyang'ane n'komwe. Anangoloza simenti ndi chibwano n'kunena kuti pamenepo panali khola la nkhumba la bambo anga.

Kasupe tinamupeza kumapeto kwenikweni kwa msewu wa ndege. Anali atamumangira kanyumba ka simenti kokhala ndi injini yopopa madzi, ndi mpope pakhoma. Sajeni uja anali munthu waulemu wake. Analandira ketulo ya a Makato, anaidzaza pampopepo, n'kuipereka ndi manja awiri akumwetulira. A Makato anayang'ana dzuwa. Linali likumuwomba Sajeni kumsana. Anakhuthulira madzi onse pansapato zake.

"Muuze kuti watunga madzi a maliro."

Ndinamasulira mmene ndikanathera. Sajeni anayang'ana nsapato zake, kenako wotchi yake, n'kunena kuti ndege zatsala pang'ono kunyamuka, tichokepo msangamsanga.

A Makato anali atazungulira kale kuseri kwa kanyumbako. Kumeneko simenti inali itang'ambika m'munsi, ndipo madzi ankadontha pa ndere zobiriwira. Anavula nsapato, anavula mpango kumutu, anagwada choyang'ana dzuwa, komwenso kunali kochokera ndege. Anatulutsa chigoba cha nkhono pachifuwa n'kuyamba kudikira madontho. Chikadzaza, ankathira m'ketulo, uku akuuza kasupe dzina la banja lathu.

Lipenga lochenjeza linalira. Sajeni anandikokera m'ngalande n'kundiveka zotsekera m'makutu. Anavula zake, anathamanga nazo kwa a Makato, koma iwo anamumenya dzanja.

"Pakasupe savala kanthu kumutu! Ameneyu analeredwa ndi ndani?"

Anabwerera kudzagona pambali panga, zala zili m'makutu.

Ndege yoyamba itafika ndinayesa kumwamba kwang'ambika. Nthaka inkanjenjemera pansi pa mimba yanga, mano akugundana okha. Mthunzi wake unaphimba kanyumba konse, kenako kunabwera mphepo yotentha yonunkha palafini. Nditadzutsa mutu ndinaona tsitsi la a Makato lamasuka, likuuluka, koma dzanja lawo lili pomwe paja, chigoba chili pansi pa dontho. Ketulo anali ataipanira pakati pa mawondo. Inabwera yachiwiri, yachitatu. Ndinawerenga zisanu ndi imodzi. Ndinkalira, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinkalira ndi mantha kapena ndi zimene maso anga ankaona: chitsulo chonse cha Amereka chikudutsa pamutu pa kamayi kopanda nsapato, iko osadzutsa ngakhale nkhope.

Kutakhala bata a Makato anaimirira okha. Madzi anali atangophimba pansi pa ketulo. Sajeni anavula chisoti chake, ndipo pobwerera anayendetsa jipi ngati wanyamula mazira. Ndinaona kamzere ka magazi kakutsika kuchokera m'khutu mwa a Makato. Nditawafunsa ngati akumva kupweteka, sanandiyankhe, ndipo ndinangoti ndi mwano wawo wa masiku onse.

Kunyumba anaviika chala n'kukhudza mwana pamphumi. Kamodzi, kawiri, katatu. Madziwo anali ozizira kwambiri. Khanda lija linachita tsinya, linakunga timanja, n'kulira kulira kwenikweni, kwaukali, mpaka nkhuku zinathawa pakhonde. Nobu anamuika kubere, anagwira. Kaya anali madzi, kaya inali nthawi yake, zimenezo musandifunse. Mwanayo ndi Kazue, lero ali ndi zidzukulu.

Nyumba yonse inali chiphokoso, ena kuseka, ena kulira. A Makato okha anali chete, akutiyang'ana mmodzimmodzi. Kenako anandikoka mkono, n'kuyankhula mokuwa ngati ndili kutsidya kwa mtsinje.

"Setsu! Kukamwa ndikuona akutsegula. Koma akulira?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

Anatulutsa kachitoliro kawo ka mtengo, anakaika pachifuwa cha mwanayo, n'kutsamiritsapo khutu lakumanja. Anakhalitsa. Anatembenuka n'kuyesa lakumanzere. Atatero anakapukuta bwinobwino ndi mpango wawo, anakakulunga, n'kukaika m'manja mwanga.