Kamwanapiye ka m'chigafa

Dzulo mpongozi wanga amanyowetsa madeya a anapiye ake. Fungo lowawasa lija litandipeza, mtima unandiwawa ngati zachitika lero.

Ndili mwana ku Chamama, thadzi lathu linasiya kamwanapiye kamodzi m'chisa, konyowa, khosi lili lende. Amayi anati, "Kataye." Ndinakana. Anati, "Chabwino, kakachira ndi kako."

Ndinakavundikira ndi beseni n'kumaliomba ndi kamtengo, monga tinkachitira ndi anapiye okomoka. Kanadzuka, n'kugwanso. Madeya kankakana. Madzi ndinkakadonthezera kukamwa ndi kaudzu, ambiri n'kumathera pa malaya anga. Inali nthawi yosoka fodya, choncho ndinkakhala nako m'chigafa, kali m'chipewa chakutha cha abambo. Kakangolira, ndinkasiya fodya.

"Iwe, chaka chino tidya kankhuku kakoka?" ankatero abambo, khutu langa lili m'dzanja lawo.

Kanachira. Kanakula n'kukhala tambala wofiira, wonditsatira mpaka kudimba. Ine ndinkayesa kuti mawu a amayi aja ndi lamulo.

Tsiku lina kunabwera amalume kuchokera ku Kapelula. Pobwera kusukulu ndinapeza nthenga zofiira kudzala.

"Amayi, si munati ndi wanga?"

"Ndi wako, inde. Ndiye kuti amalume ako wawalandira ndiwe. Ukuliranji?"

Anandigawira khosi, lomwe lija linali lende. Sindinadye.

Pano ndakalamba, ndipo alendo ndawaphera nkhuku zambiri. Koma pakhomo panga sindinauzepo mwana kuti nkhuku iyi ndi yako.