Njoka ya pa kalendala

Fungo la lubani m'sitolo ina dzulo linandikumbutsa kalendala imene atate anapatsidwa ndi abwana awo, Mmwenye, tikukhala ku Katondo. Inali ndi chizindikiro cha bungwe lawo la Chihindu: madzi, duwa, dzuwa, ndi njoka itazinga zonsezo. Anzanga anati ndi njoka yokokera chuma, idzatiyamwa magazi. Sindinachedwe, ndinaiponya pambaula kalendalayo.

Atate, poopa kuti abwana akamva ntchito itha, anandikoka ndi khutu mpaka kusitolo kwa abwanawo kuti ndikapepese.

"Bwana, njokayo imadya chiyani?" ndinafunsa m'malo mopepesa.

Mkuluyo anaseka. "Siidya kanthu, mwana wanga. Ndi mphamvu yogona mwa munthu. Ukaiweta, imakufikitsa kwa Mulungu."

Ntchito ya atate sinathe. Koma ine ndi mtima wangawu, njoka yanga mpaka lero sindinaiwete.